Mkazi Mnzanga wa Pachinsalu

Mvula yaitali ikatha kwathu kuno ku Japan, nyumba iliyonse imasanza zam'mimba mwake. Masabata asanu kumwamba kumakhala kuli bii, madzi ali waa padenga, waa pansungwi, waa panyanja, mpaka mphasa zimanyowa popanda wozithira madzi, mpaka nsapato yomwe unaiwala pakhomo imamera chuku. Kenako tsiku lina kumacha kuli ngwee, nyenje n'kuyamba kulira m'mitengo, ndipo amayi tonse timadziwa kuti masiku oyanika afika. Timazula zitseko zathu zamapepala kuti mphepo ilowe kukhomo n'kutulukira kuseri. Timakunga zingwe m'zipinda. Zovala za silika lende pazingwe, mabuku tayale pamphasa, zithunzi zakale zitandandalikana m'makoma. Sitiyanika padzuwa, timayanika pamthunzi, kuti mphepo yokha ichotse chinyontho ndi kuthamangitsa njenjete.

Ine ndine Kinue, mkazi wa a Tokuzo Mikuriya, wojambula zithunzi. Dzina lawo mulipeza m'mabuku ngati muli ndi nthawi yofufuza. Langa musavutike nalo, mulibe. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, masiku oyanika akafika, ndinkayanika zovala zanga, ndinkayanika zovala za amuna anga, ndipo ndikamaliza ndinkatenga kansalu kofewa n'kukapukuta chuku pankhope ya mkazi mnzanga.

Mkazi mnzangayo sankadya, sankasamba, sankakalamba. Anali wa penti, pachinsalu chachitali ngati chitseko. Dzina lake Honorine, mzungu wa ku Marseille, ku France. Anakhala pawindo atavala diresi yachikasu, phewa limodzi lili pamtunda, m'manja muli lalanje losenda theka, mano ali mbee, akuseka. Kuwala kunamugwera patsaya, kunamugwera pakhosi, kunatsetserekera m'mikono mpaka kuzala, ndipo aliyense wolowa m'chipindamo ankayamba waima kaye. Ine ndinkadana naye. Ndinene poyera, ndinkachita naye nsanje yoti ndikameza malovu ankawawa. Ndipo chomwe ndinkafuna pa moyo wanga wonse wa pabanja chinali chimodzi chokha: kuti amuna anga andiyang'ane kamodzi momwe anamuyang'anira iyeyo.

Zithunzi sizinali zachilendo kwa ine, ndinabadwira m'kati mwake. Bambo anga ntchito yawo inali yomata zithunzi za inki pansalu za silika, zija zimapachikidwa pakhoma zili ndi kamtengo kumunsi. M'nyumba mwathu munkanunkha phala lomatira, mapepala ali khwaa khwaa kuyambira m'mawa. Ndisanafike zaka zisanu ndi ziwiri ndinali nditadziwa kale kukulunga chithunzi: nkhope m'kati, msana kunja, kukunga nga pakamtengo kowonda, kumanga ndi kachingwe, kulowetsa m'kabokosi. Chithunzi cha kwathu ndi mlendo waulemu. Chimabwera nyengo yake, chimakhala pakhoma mwezi umodzi, kenako chimatsanzika n'kubwerera m'bokosi. Ndipo sichiyang'ana munthu m'maso. Muli nkhungu, muli phiri, muli kamunthu pamlatho, nkhope yake timizere tiwiri basi. Ifenso tinaleredwa chimodzimodzi. Mkazi polankhula ndi mwamuna wake amayang'ana pakolala ya chovala, mwamuna amayang'ana panja.

A Tokuzo anali mwana wa ogulitsa ndere zouma za m'nyanja kudoko la tauni yathu, wamtali, wosalankhulalankhula, zala zakuda ndi inki. Anayamba ndi inki ngati anzawo onse. Koma tsiku lina ali ku Tokyo anaona chithunzi cha penti ya mafuta, yomwe amajambulira azungu. Chinali cha buledi ndi mpeni patebulo, ndipo akuti anatambasula dzanja kuti anyeme bulediyo. Kuyambira pamenepo inki inawasukulukira. Titangotha chaka chimodzi m'banja anakwera sitima yapamadzi, akuti zaka ziwiri zokha akaphunzire ku France. Zinakwana zisanu ndi ziwiri.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuphikira apongozi anga, ndikuwasisita msana, ndikukokolola chipale chofewa pakhomo, ndikutchera khutu kwa wamakalata. Makalata ankabwera ndithu, ndisawanamizire. Koma m'makalatamo munali kuwala kokhakokha. Kuwala kwa ku Paris, akuti, n'kotuwa koma kofunda. Kuwala kwa ku Marseille n'kolemera, ungakunyamule m'manja. Mthunzi si wakuda, uli ndi mtundu wake. Ine zala zitang'ambika ndi madzi ozizira, ndikuwerenga za mtundu wa mthunzi! Ndinkawerengera apongozi mokweza, iwo n'kumagwedeza mutu, n'kufunsa ngati mwana wawo akudya kumeneko.

Anabwera m'nyengo ya mvula, atavala kachipewa kophwatalala, akununkha fodya wachilendo, kumbuyo kwawo amuna anayi atasenza bokosi lalitali. Sabata isanathe anaitana mmisiri kuti aboole denga chakumpoto n'kuikapo galasi. Aneba anasonkhana ndi maambulera awo kudzaonerera munthu akuboola denga lake mvula ili m'kati. Fungo la mafuta a penti linalowa m'mphasa, linalowa m'zovala, linalowa mumpunga, moti mpaka lero ndikadya mpunga wosanunkha penti ndimamva ngati waperewera china chake. Chipinda chitatha, anatsegula bokosi lija, n'kutulutsamo Honorine. Apongozi anayang'ana phewa lija, anayang'ana mano aja, anaphimba nkhope ndi mkono wa chovala.

"Tokuzo, mwana wanga, mkaziyu makolo alibe?"

Ndinkayang'ana amuna anga, iwo akuyang'ana pachinsalu.

Chithunzicho ndi chimene chinawatchukitsa. Anapita nacho kuchionetsero ku Tokyo, manyuzipepala n'kugawanika pawiri, ena akuti n'zolaula, ena akuti kwacha. Anawapatsa ntchito yophunzitsa, ophunzira n'kumachokera kutali kudzadzaza chipinda chagalasi chija, tsitsi nyankhalala, zovala zili penti yokhayokha. Olemera anapempha kuti awagulitse Honorine, iwo anakana. Anamupachika moyang'anizana ndi khomo. Apa m'pamene ndinadziwira kusiyana kwa zithunzi: cha mafuta sichitsanzika. Kutenthe chili pomwepo, kuzizire chili pomwepo, pamaliro a apongozi chinali pomwepo chikuseka.

Ntchito yomupukuta inagwera ine chifukwa, akuti, manja anga ndi opepuka, ndine mwana wa bambo anga. Taonani ulemu wake! Ndinkakwera pakampando, kansalu m'manja, nkhope yanga pafupi ndi yake. Chithunzi cha mafuta sichisalala ngati cha inki, chili ndi timizere ndi timabampu, ndipo chala chimawerenga zonse. Apa burashi inathamanga. Apa inazengereza. Apa inabwerera kawiri, katatu, yosafuna kuchoka. Ndinkapukuta chipumi, ndinkapukuta masaya, ndinkapukuta khosi, ndipo paliponse ndinkapeza dzanja la amuna anga litadutsapo kale. Ndikatsika pakampando ndinkapita kukachapa kansaluko ndi sopo wambiri.

Musaganize kuti ine sanandijambule. Anandijambula kakhumi ndi kamodzi. Anajambula msana wanga ndikusoka. Anajambula khosi langa chakumbuyo ndikupesa. Anajambula msana wanga ndikudula ndiwo, msana wanga pakhonde, msana wanga ukutsikira kudoko kunsi kwa ambulera. Anthu ankayamikira, akuti a Mikuriya amadziwa kujambula kufatsa kwa mkazi wa ku Japan. Kufatsa! Akanadziwa zomwe nkhope inkachita kutsogolo kwa msanawo. Tsiku lina ndinalimba mtima ndikuwapatsira tiyi.

"Bambo, nanga nkhope yangayi inalakwanji?"

"Umayang'ana pansi, Kinue. Kuwala sikupeza pogwera."

Anayankha akutsuka burashi, osacheuka. Ndinafuna kufunsa kuti anandiphunzitsa kuyang'ana pansi ndani, koma ndinangotola thireyi n'kutuluka.

Ndinachitaponso zopusa, nanga n'kubisiranji. Masana ena, iwo ali kusukulu, ndinagula lalanje pamsika, ndinalisenda theka, ndinakhala pawindo la chipinda chagalasi, ndinakokera kolala pansi mpaka phewa kuonekera. Ndinadikira mpaka mwendo kuchita dzanzi. Atalowa anaima, mtima wanga n'kugunda. Anafunsa ngati ndikumva malungo, anatseka windo kuti mphepo ingandilowe, n'kupita kukafinya penti. Lalanje ndinakadyera kukhitchini, ndipo linali lowawasa.

Nawonso sanali pamtendere. Penti yomwe anaizolowera inali ya dziko louma, ndipo kwathu kuno n'konyowa. Kuwala kwathu kumabwera kutasefedwa m'mitambo, kutasefedwa m'nkhungu ya panyanja, kutasefedwa m'mapepala a zitseko, kumafika m'chipinda kutatopa kale. Akapaka chikasu cha ku Marseille padoko lathu, doko linkakuwa. Akapaka zotuwa, ankati wabwerera ku inki. M'nyengo ya mvula penti inkakana kuuma, masabata awiri ili noninoni. Ankapaka, ankapala ndi mpeni, ankapakanso, ankapalanso. Zikawakanika ankaika burashi pansi, manja kumbuyo, n'kukaima pamaso pa Honorine, maso dwii, ngati munthu wofunsa njira. Ine ndili pakhomo ndi thireyi. Tiyi ankazizirira m'manja mwanga.

Sindinawafunsepo ngati anagona naye. Zaka zisanu ndi ziwiri n'zambiri, ndipo ine si mwana. Izo ndikanazimeza, akazi anzanga a kudoko ameza zoposa pamenepo. Chomwe chinkandidya moyo ndinachimva ndili kuseri kwa chitseko, akuuza ophunzira awo kuti nkhope ija inawatengera masiku makumi anayi. Masiku makumi anayi, m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akuyang'ana munthu mmodzi. Akudziwa pamene tsaya limathera, pamene khutu limayambira, kamthunzi ka kunsi kwa mphuno. Ine ndikanameta nsidze imodzi, akanazindikira patatha sabata.

Kenako kunabwera nkhondo, zinthu za azungu n'kusanduka zochititsa manyazi. Honorine tinamutembenuzira kukhoma, ndipo ngakhale kunali njala, miyezi imeneyo ndinkayenda m'nyumba mwanga mopepuka. Ndege zitayamba kutentha matauni, anthu anayamba kusamutsira katundu kumapiri. Amuna anga analamulidwa kuperekeza ophunzira awo kukagwira ntchito kufakitale ya tauni ina. M'mawa wa tsiku lonyamuka anazula timisomali tonse, anachotsa chinsalu cha Honorine pafelemu, anachiyala pamphasa. Achimwene anga anali oti abwere mawa lake ndi ngolo kuchokera kumudzi, atatenga nsungwi yaikulu yokulungirapo.

"Penti kunja, Kinue. Wamva? Ichi si cha inki. Ukakulungira m'kati penti imasweka. Penti kunja, pansungwi yaikulu, ndipo usakunge."

Anabwereza katatu. Za zithunzi zina sananene kanthu, ngolo inali yaing'ono. Kwa ine anangoti tsala bwino.

Mawa lake masana ndinatsala ndekha ndi mkazi mnzanga. Kunja kuli zii, theka la tauni litathawa, kuwala kukutsika pagalasi lija kuli mbuu ndi fumbi. Koyamba chibwerereni m'nyumba mwanga, iye anali pansi, ine ndili chilili. Ndinamuzungulira. Ndinagwada pambali pake. Ankasekabe, lalanje lili m'manja, wosadziwa nkhondo, wosadziwa njala, wosadziwa imvi zomwe zinali zitayamba kundimera. Nsungwi yaikulu inali pakhonde, achimwene atapita kukamwetsa hatchi. Ine ndinatenga kamtengo kowonda, kotsala pa zipangizo za malemu bambo anga.

Ndikhoza kunama kuti manja anachita okha zomwe anazolowera kuyambira ubwana. Anthu akanandikhulupirira. Mwana wa womata zithunzi za inki angadziwe bwanji za penti ya azungu? Koma mawu aja anali akulirabe m'khutu. Ndinakulunga nkhope m'kati, msana kunja. Ndinakunga nga, ndi bondo lomwe. Chinsalu chikupindika ndinkamva timaphokoso, tswa, tswa, ngati ukuponda zigoba za mazira. Diresi inalowa, phewa linalowa, mano analowa, maso analowa. Sindinaime. Ndinakutira ndi nsalu, ndinakutiranso ndi pepala lamafuta, ndinamanga zingwe zitatu, ndipo mtima wanga unangoti myaa. Achimwene pokweza mpukutuwo m'ngolo anayamikira kamangidwe kake.

Patatha masabata atatu moto unafika m'tauni mwathu. Nyumba inapsa, galasi la padenga linasungunuka, misana yanga khumi ndi umodzi inasanduka phulusa. Titabwera kudzaona tinapeza malo onse ali bii mpaka kudoko, fumbi lili koboo, nyanja ikuoneka kuchokera pamene panali khitchini yanga. Pa zonse zomwe zinali m'nyumba ija anapulumuka ndi mkazi mnzanga yekha, ndipo womupulumutsa ndinali ine.

Zaka zisanu tinakhala kumapiri kwa achimwene, m'kachipinda kamodzi. Kumeneko nkhungu imagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera, achule amalira m'minda ya mpunga, utsi wa nkhuni umadetsa chilichonse. Mpukutu uja tinauika pamitanda ya denga chifukwa khoma lokwanira panalibe. Masiku oyanika akafika ndinkayanika zonse, koma uwo ndinkaudumpha, ndikuti tiutambasulira pati muno. Amuna anga ankavomera. Anali atafooka, ankajambula timapiri patimatabwa, maso awo atayamba kuchita chifunga. Koma ndinkawapeza atakhala pamphasa, mutu atapendekera kumbuyo, akuyang'ana kudenga. Wokulungidwa, womangidwa zingwe zitatu, wakuda ndi mwaye, ankamuyang'anabe. Ine amene ndinkadziwa zomwe zili m'katimo ndinkachita nsanje ndi mantha nthawi imodzi, ndipo sindidziwa chomwe chinkandiondetsa kwambiri.

Chaka chachisanu kunabwera kalata yochokera ku Tokyo. Anthu a nyumba ina yoonetsera zithunzi ankasonkhanitsa ntchito za moyo wonse wa a Tokuzo, zomwe zinali zitapulumukira m'manja mwa anthu, ndipo khoma lapakati analisungira Honorine. Mvula itangotha, nyenje zitayamba, amuna anga anati titsitse.

Tinakatambasulira m'chipinda chachikulu cha achimwene, zitseko zonse titazula. Ndinamasula chingwe choyamba, chachiwiri, chachitatu. Pepala ndi nsalu zitachoka, amuna anga anapapasa ndi dzanja, anapeza msana wa chinsalu uli kunja. Anapapasa kumapeto, anapeza kamtengo kowonda. Dzanja linaima pomwepo. Kenako anayamba kutambasula pang'onopang'ono. Tsitsi linatuluka, maso anatuluka akusekabe. Ndiye panatuluka chigamba chotuwa. Kuyambira kunsi kwa mphuno mpaka kuchibwano, pamene penti inali yokhuthala kwambiri, panali chinsalu chokha. Penti ina inali itamatirira kumsana kwa mpukutu, ina ikuyoyokera pamphasa, tizidutswa tofiira, tizidutswa toyera. M'munsi monse, m'diresi, m'mikono, ming'alu inali itadutsa mopingasa ngati makwerero. Nyenje zikulira, zikulira. Ndinadikira mbama, ndinadikira kukalipiridwa, ndipo ndinkazifuna, chifukwa munthu pokumenya amayamba wakuyang'ana. Iwo anapempha kambale, anagwada, anayamba kutola tizidutswa tija kamodzikamodzi.

Masiku awiri sanandilankhule. Tsiku lachitatu anakhomera chinsalu pafelemu yatsopano n'kuyamba kutseka ming'alu ya diresi, mphuno yawo ili pafupi kukhudza penti. Anatseka ya m'mikono, anatseka ya m'khosi. Atafika pachigamba chija anakhala duu tsiku lathunthu, burashi ili m'manja, penti ikuumira pomwepo. Mawa lake anakokera mpando pawindo.

"Khala apa, Kinue. Pakamwa pake ndapaiwala, ndipo ine sindijambula chomwe sindikuchiona."

Ndinakhala. Chifukwa cha chifunga cha m'maso ankayenera kubwera pafupi, pafupi zedi, moti mpweya wawo unkandifunda patsaya. Ndikagwetsa nkhope ankandidzutsa chibwano ndi chigwiriro cha burashi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi tili m'banja, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti m'diso lawo lamanzere muli kadontho kofiirira. Ankayang'ana, ankayang'ana, ankabwerera pachinsalu, ankabweranso. Chinthu chomwe ndinachilira moyo wanga wonse chinali chitafika, koma chinafika chotumidwa ndi wina. Ankandiyang'ana ine kuti amuchize iye. Thupi linkasangalala, ndisaname, makutu ankatentha ngati a namwali.

"Seka," ankatero m'mawa uliwonse.

Ndiseke bwanji? Ndisekere mkazi wina, pachinsalu chake, m'diresi yake? Ndinkayesa, milomo n'kunjenjemera, n'kubwerera m'malo mwake. Tsiku loyamba anati seka, lachiwiri anati seka, lachisanu anangousa moyo. Kuyambira pamenepo sananenenso. Ankangobwera pafupi n'kuyang'ana nthawi yaitali kuposa kale, nthawi zina mpaka kuiwala burashi m'manja. Kunja mpunga uli biriwiri m'minda, kuwala kwathu konyowa kuja kukulowa pawindo, ndipo koyamba sindinawamve akukudandaula. Tsiku lachisanu ndi chinayi zinandikwana.

"Bambo, sikunali kuiwala. Ndinachita dala."

"Ndikudziwa. Usalankhule, ukusuntha milomo."

Anandikhazika masiku khumi ndi anayi. Makumi anayi sanakwane, ndinawerenga ndithu. Atamaliza anatembenuzira chinsalu kukhoma osandionetsa, ndipo ine sindinapemphe. Penti itauma anthu a ku Tokyo anadzachinyamula chili choimirira m'bokosi.

Tinapita kumeneko masamba atayamba kufiira. Chipinda chachikulu, pansi pali see, anthu akuyenda monyang'ama, akunong'onezana. Amuna anga anatengedwa ndi akuluakulu ovala majekete kukapatsana moni, ine n'kutsala ndekha m'chikhamu. Ndinadutsa mabotolo ndi milatho ya ku Paris, ndinadutsa madoko okuwa aja, ndinadutsa timapiri ta patimatabwa. Moyo wonse wa munthu uli m'makoma anayi, ndipo ine ndinalibemo ngakhale chala. Kenako anthu anapatuka, ndinamuona.

Diresi ija, lalanje lija, phewa la mtsikana, maso oseka. Koma pakamwa panali potseka. Milomo yopyapyala, yofinyana, kumanzere itakokedwera pansi pang'ono, pambali pake kamzere komwe ndimakaona pagalasi m'mawa uliwonse. Pakamwa pa munthu amene wasunga mawu zaka zambiri mpaka amuwawira m'kamwa momwemo. Sanakongoletse, sanachotsepo kanthu, sanandikhululukire ngakhale kakwinya kamodzi. Zonse anaziona, nsanje yanga yonse, ndipo anaipaka mosamala kuposa china chilichonse pachinsalupo. Kunsi kwake kachikwangwani kankanenabe kuti Honorine, Marseille.

Pafupi nane panaima mayi wina wa mumzindamo, wovala bwino, ali ndi mnzake. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako ananong'ona.

"Taonani pakamwapo, anzanga. Zinazi n'zokongola chabe, koma pakamwapo! Mwamuna sangapadziwe chonchi pakamwa pa mkazi ngati sanamukonde. Anali ndi mwayi mzunguyu."

Nsanje inandigwiranso. Diresi ndinamusiyira, khoma lapakati ndinamusiyira, dzina ndinamusiyira, masiku makumi anayi ndinamusiyira. Izinso atenge? Ine amene sindinayambitsepo nkhani ndi munthu wosamudziwa, ndinamugwira mayiyo pamkono wa chovala, iye n'kutembenuka modabwa.

"Pepani mayi," ndinatero, mawu akumveka chipinda chonse. "Mzunguyo ankangoseka. Pakamwapo ndi panga."